Malenzi akale a filimu pa kamera ya digito: njira iti mwa zisanu ndi imodzi?

Lenzi siikalamba msanga ngati kamera. Kamera ya digito imene inali yapamwamba zaka 15 zapitazo lero palibe akuicheukira, pomwe lenzi ya 50mm yopangidwa mu 1975 ikugwirabe ntchito yomwe ija, yosonkhanitsa kuwala n'kukuponya pamalo amodzi. Kaya pamalopo pali filimu kapena sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera ya digito, lenziyo ilibe nazo ntchito. N'chifukwa chake malenzi a Takumar, Nikkor, Rokkor, Zuiko ndi Helios, amene anagona m'makabati kwa zaka zambiri, ayambanso kufunidwa.

Chimene chimazunguza mutu munthu woyamba kumene ndi kuchuluka kwa njira zomangira lenzi yakale pa kamera yatsopano. Ndineneretu mbali imene ndili: chilichonse chimene mwaika pakati pa lenzi ndi sensa, kaya galasi kapena mota, chimadya ndalama ndipo chimabwera ndi vuto lakelake. Njira yopanda zambiri ndi imene iyenera kukhala poyambira, zinazo muzitenge pokhapokha pali chifukwa chenicheni. Zifukwa zoterozo zilipo ndithu, ndipo tiziona.

## Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Choyamba, ndiponso chachikulu pa zonse, ndi mpata. Lenzi iliyonse anaipanga kuti izikhala pa mtunda wodziwika kuchokera pa filimu. Mtundawu amauyeza kuyambira pa mkombero wachitsulo wa pakamwa pa kamera, umene ojambula amautcha mount, kukafika pa filimu kapena pa sensa. Makamera akale a SLR anali ndi kalirole m'kati amene ankadumphira m'mwamba pojambula, ndiye lenzi inkakhala chapatali kuti kaliroleyo apeze malo. Pa Canon FD mpatawo ndi mamilimita 42, pa Minolta MD 43.5, pa M42 ndi Pentax K 45.46, pa Olympus OM 46, pa Nikon F 46.5, pa Leica R 47. Leica M, imene inalibe kalirole wotero, mpata wake ndi 27.8. Makamera a lero a mirrorless, opanda kalirole, ndi osaya kwambiri: Nikon Z 16, Fujifilm X 17.7, Sony E 18, Micro Four Thirds 19.25, Canon RF 20.

Nambala ya lenzi ikakhala yaikulu kuposa ya kamera, mpata wotsalawo mumangoudzaza ndi mkombero wabowo pakati, basi. Lenzi ya Minolta MD pa kamera ya Sony E imafuna adaputa yokhuthala mamilimita 25.5, kutanthauza 43.5 kuchotsera 18. Nambala ya lenzi ikakhala yaing'ono, lenziyo imakhala kutali mopitirira, ndipo imaona bwino zapafupi zokha. Phiri, kapena munthu amene waima patali, amatuluka mwachimbuuzi ngakhale mupotokole fokasi mpaka pothera. Umu ndi mmene zilili ndi lenzi ya Canon FD pa kamera ya Canon EF, ya mpata wa 44. Ndi mamilimita awiri okha, koma ndi amene analepheretsa eni malenzi a FD kuwasamutsira mosavuta pa makamera atsopano Canon itasintha mount mu 1987.

Chachiwiri ndi kukula kwa sensa. Chithunzi cha filimu ya 35mm ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndipo sensa ya full frame ndi yofanana nacho. Sensa ya APS-C ndi yocheperapo, imangotenga chapakati, moti lenzi ya 50mm imaonetsa ngati ya 75mm, kapena 80mm pa Canon. Pa Micro Four Thirds imaonetsa ngati ya 100mm. Wojambula nkhope sadandaula nazo. Koma amene wagula 28mm kuti azijambula malo otambalala amagwa ulesi akaona kuti pa APS-C yasanduka 42mm, pa Micro Four Thirds 56mm.

Chachitatu ndi thanzi la lenziyo, ndipo palibe adaputa imene ingachiritse lenzi yodwala. Tsegulani aperture yonse, kutanthauza kabowo kolowera kuwala kamene kamakula nambala ya f ikamachepa, muwalitse tochi kumbuyo, musuzumire kutsogolo. Timaulusi tooneka ngati ukonde wa kangaude ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi mosabwezereka. Chifunga choyera chimachokera kawirikawiri ku girisi amene anauluka n'kukakhala pagalasi, ndipo chimachititsa chithunzi kuoneka chotuwa. Timasamba ta aperture tiyenera kukhala touma n'kumatseka mwachangu. Tikanyezimira mafuta ndiye kuti posachedwa tiyamba kukakamira. Fumbi pang'ono lisakuopseni, silioneka pachithunzi. Mukapeza Super-Takumar 50mm f/1.4 ya galasi lachikasu, si kuwonongeka: ambiri a malenziwa ali ndi thorium m'galasi, amene amalisintha mtundu pakapita zaka, ndipo kuwala kwa UV kumachepetsa chikasucho.

Zitatuzi zikadziwika, njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

## 1. Kamera ya mirrorless ndi adaputa yopanda galasi

Njirayi inatseguka mu 2008 ndi Panasonic G1, kamera yoyamba ya Micro Four Thirds, ndipo inafika pachimake mu 2013 Sony itatulutsa A7 ya full frame, pamene lenzi yakale inayambanso kuonetsa chithunzi chonse chimene anaipangira. Adaputa yake ndi chitsulo chabe, mbali ina mount ya lenzi, mbali ina ya kamera. Fokasi ndi aperture mumazisintha ndi dzanja, kamera n'kumayeza kuwala kumene kwalowa.

Chimene chimaipambanitsa si adaputayo koma poonera pa kamera. Popeza mukuona chimene sensa ikuona, mutha kukuza kachigawo ka chithunzi kangapo n'kuikira fokasi pa diso lenileni la munthu. Palinso focus peaking, imene imapaka utoto m'mphepete mwa zinthu zimene zalowa fokasi. Ine peaking ndimaikhulupirira pa f/4 kapena f/5.6, pa f/1.4 imanamiza, kuli bwino kukuza chithunzi. Mukatseka aperture mpaka f/11, poonera pamadziwalitsa pokha, zimene kamera ya kalirole siingathe.

Mtengo. Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi ngati kamera muli nayo kale. Maadaputa wamba a K&F Concept, Fotodiox kapena Urth nthawi zambiri safika pa mtengo wa lenzi imene akunyamula. A Novoflex ndi Voigtländer amawaposa mtengo kangapo, ndipo ndalamazo mukulipirira kulondola kwa muyeso, osati chithunzi chokongolerapo. Ndalama zenizeni zimapita ku malenzi. A 50mm f/1.8 kapena f/2, ndi a 135mm f/2.8 kapena f/3.5, anapangidwa ambirimbiri ndipo ndi osaboola m'thumba. Otambalala kuposa 24mm ndi a f/1.2 ndi nkhani ina: pena amadula kuposa lenzi yatsopano ya fokasi yapamanja, imene m'makona imawaposanso.

Kupezeka. Pafupifupi mount iliyonse yakale ili ndi adaputa yake pa Sony E, Nikon Z, Canon RF, Fujifilm X, L-mount ndi Micro Four Thirds, ngakhale ma mount oiwalika ngati Konica AR ndi Exakta.

Kasamalidwe. Adaputayo siifuna zambiri, kungomanga tizisikuluwu take tikamasuka. Nzeru yabwino ndi kuisiya pa lenzi n'kumaitseka ndi chivindikiro cha mount ya kamera yanu, m'malo moivulavula. Sensa ya mirrorless imakhala poyera mukachotsa lenzi, ndipo malenzi akale alibe labala yotchinga fumbi, choncho kampira kopopera mphepo kasamasowe m'chikwama. Malenziwo asungeni pouma, pa chinyezi cha 40 mpaka 50 peresenti, m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel, osati m'zikwama zawo zachikopa zimene zimasunga chinyezi. Mu menyu tsegulani chilolezo chojambula popanda lenzi, apo ayi kamera imakana kuwomba chifukwa siikudziwa kuti pali chilichonse. Ngati kamera ili ndi makina oletsa kugwedera m'kati, muziiuza kutalika kwa lenzi nthawi iliyonse imene mwasintha. Mukaiwala 135 pamene mwamanga 28mm, makinawo amawonjezera kugwedera m'malo mokuchepetsa.

Zoopsa. Maadaputa otsika mtengo ambiri amawapanga ofupikirapo pang'ono mwadala, kuti lenzi iliyonse ifike pa fokasi ya kutali. Zotsatira zake, fokasi imapitirira chizindikiro cha ∞, cha fokasi ya kutali, ndipo manambala a mtunda olembedwa pa lenzi amanama. Pa lenzi wamba ya 50mm mungozolowera. Pa malenzi otambalala amene magalasi ake ena amayenda paokha m'kati, monga Nikkor 24mm f/2.8, makona amavutika. Adaputa yopendekeka imachititsa mbali imodzi ya chithunzi kuoneka bwino, ina mwachimbuuzi. Yonyezimira m'kati imabweza kuwala n'kutuwitsa chithunzi. Ndinagulapo ina yosalembedwa n'komwe dzina, kapini kake kotsekera kanakana kubwerera, ndipo ndinatha madzulo onse ndikulimbana nayo ndi singano lenzi ili chimangire. Kuyambira pamenepo adaputa yatsopano ndimayamba kuiyesa pa lenzi imene sindingalire nayo.

Malenzi ena ali ndi misampha yawoyawo. A M42 ambiri ali ndi kapini kumbuyo kamene kayenera kudinidwa kuti aperture itseke. Ngati lenzi ilibe batani la A ndi M, lolola kutseka aperture ndi dzanja, sankhani adaputa yokhala ndi mlomo m'kati wodina kapiniko. Adaputa ya Canon FD ili ndi mkombero wa Lock ndi Open, ndipo mukaumanga molakwika aperture siiyenda ngakhale pang'ono, n'kumaganiza kuti lenzi ndi yakufa. Malenzi otambalala a Leica M ndi M39 amakhala pafupi kwambiri ndi sensa, kuwala n'kumafika m'makona mopendekeka. Galasi lokhuthala limene limaphimba sensa limapaka makonawo chimbuuzi, pena ndi utoto wapepo. Malenzi olowetsa m'kati, monga Elmar 50mm f/3.5 ndi Industar-22, musawalowetse ali pa kamera, ndipo Jupiter-12 ya 35mm, ya galasi lakumbuyo lotuluka ngati diso la nkhanu, iyezeni kaye musanaimange. Pomaliza, fayilo ya chithunzi siisunga dzina la lenzi kapena aperture imene munagwiritsa ntchito.

## 2. Kamera ya DSLR, popanda adaputa kapena ndi kamkombero kopyapyala

Makampani awiri sanataye mount yawo yakale. Nikon F ndi ya 1959, Pentax K ya 1975, ndipo malenzi a nthawi imeneyo amalowa pa ma DSLR awo, makamera a digito a kalirole. Njirayi ili ndi ubwino umodzi umene adaputa wamba ya mirrorless siipereka: kamera imagwira kamkono ka aperture, moti mumaikira fokasi lenzi ili yotsegula yonse, ndipo imadzitsekera yokha pa nambala imene mwasankha panthawi yowomba. Wojambula zinthu zoyenda amadziwa kufunika kwake.

Pa Pentax zinthu n'zosavuta. Malenzi a mndandanda wa A, oyamba mu 1983, amalola kamera kusintha aperture yokha. A mndandanda wa K ndi M amafuna kuti muike kamera pa M, posinthira zonse ndi dzanja, mulole mkombero wa aperture mu menyu, ndipo muzidina batani lobiriwira kuti iyeze kuwala. Makina oletsa kugwedera ali m'kamera momwemo, ndipo K-1 ya 2016 ndi ya full frame. Popeza M42 ndi K mpata wawo ndi umodzi, kamkombero kolowa m'kati mwa mount kamakwanira kumanga ma Takumar onse a mazinga.

Pa Nikon pamafunika kusamala. Mu 1977 kunabwera dongosolo la AI, limene mkombero wa aperture umakankha kadzino ka pa kamera. Makamera monga D700, D750, D850 ndi D7200 ali ndi kadzinoko ndipo amayeza kuwala ndi malenzi a AI ndi AI-S. A mndandanda wa D3000 ndi D5000 alibe, choncho lenzi imalowa koma kamera siiyeza kuwala, mumangoyerekeza n'kumaona zotsatira pa sikirini. Malenzi a mitundu ina pa Nikon F salowa mosavuta, chifukwa mpata wa 46.5 ndi wautali kuposa wa ambiri.

Canon EF ndi yosiyana: malenzi ake a FD imawakana, koma a makampani ena imawalandira. Pakamwa pake ndi potambalala, mpata wake 44, ndiye M42, Olympus OM, Nikon F, Contax/Yashica ndi Leica R zonse zimalowa ndi kamkombero kopyapyala. Ka M42 n'kokhuthala mamilimita osakwana awiri.

Mtengo. Wotsika, ndipo ukutsikirabe pamene anthu akusamukira ku mirrorless n'kumagulitsa ma DSLR awo. Kwa amene akufuna full frame ndi ndalama zochepa, DSLR yogwiritsidwapo kale ntchito ndi khomo lapafupi. Komabe malenzi a Nikkor sanatsike mtengo ngati a Minolta MD kapena Konica AR, chifukwa sanasowepo kamera yowagwiritsa ntchito.

Kupezeka. Makamera ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ambiri. Atsopano akucheperachepera, poti Canon ndi Nikon maso ali pa RF ndi Z kuyambira 2018. Pentax ndi imene yakakamirabe kalirole.

Kasamalidwe. Palibe chapadera kupatula zimene DSLR iliyonse imafuna. Funsani kuti shutter, kachitseko kotsegukira kuwala pojambula, yawomba kangati musanagule.

Zoopsa. Chachikulu ndi fokasi. Poonera pa kamera ya filimu panali kabwalo kogawika pakati kothandiza diso. Pa DSLR anakachotsa, n'kuikapo galasi lowala lopangira autofocus, fokasi imene kamera imaika yokha, limene silisiyanitsa bwino fokasi ya f/1.4 ndi ya f/2.8. Mumaona ngati mwalasa, pa kompyuta n'kupeza kuti fokasi ili pa khutu. Canon inapanga magalasi apadera, Ee-S ya 5D ndi Eg-S ya 5D Mark II ndi 6D, koma makamera ambiri salola kusintha. Kuona pa sikirini ya kumbuyo kumathandiza, kungoti n'kochedwetsa. Chachiwiri, lenzi ya Nikkor yopangidwa isanafike 1977 imene sinasinthidwe ikhoza kupinda kapena kuthyola kadzino ka AI. Nikon Df ya 2013 ili ndi kadzino kopindika kuti ilandire malenzi amenewa. Chachitatu, pa Canon 5D ndi ma full frame anzake, kalirole amatha kumenya kumbuyo kwa malenzi ena akakhala pa fokasi ya kutali, ndipo kamkono ka aperture ka malenzi a Pentax K nakonso kamagunda. Ndi kamkombero ka adaputa, aperture siidzitsekera yokha ndipo poonera pamada mukatseka.

## 3. Adaputa ya galasi lokonzera fokasi

Iyi ndi ya malenzi amene mpata wawo ndi waufupi kuposa wa kamera: FD kapena MD pa Canon EF, M42 pa Nikon F. Kagalasi ka m'kati kamabweza fokasi ya kutali, koma kamatalikitsa lenzi pang'ono ndi kudya kuwala.

Mtengo. Wotsika, ndipo ndiwo msampha wake.

Kupezeka. Zodzaza pa intaneti. Yabwino, imene Canon yomwe inapanga ya FD pa EOS, yotalikitsa ka 1.26, inali ya malenzi aatali ochepa chabe, ndipo n'njosowa kwambiri.

Kasamalidwe. Magalasi ena owonjezera oti muzipukuta.

Zoopsa. Lenzi yabwino ya magalasi asanu ndi awiri mwaimangirira ku kagalasi kopangidwa mothamanga. Pa f/1.4 ndi f/2 chithunzi chimachita chifunga, chimayamba kuoneka bwino cha pa f/5.6, pamene phindu la lenzi yowala latha kale. Pa njira zonse, iyi yokha ndi imene sindilangiza munthu. Ntchito yake yabwino ndi imodzi: kuchotsa kagalasiko n'kumajambulira maluwa ndi tizilombo pafupi.

## 4. Focal reducer

Pano galasi lili pakati pa chifukwa chomveka. Lenzi ya filimu imaponya chithunzi chachikulu kuposa sensa ya APS-C, ndipo m'mphepete mwake mumatayika. Focal reducer imachifinya chithunzicho kuti chikwane pa sensa yaing'ono. Metabones inaibweretsa pamsika mu 2013 ndi dzina la Speed Booster, magalasi ake atakonzedwa ndi Brian Caldwell. Yofala ndi ya 0.71: lenzi ya 50mm imasanduka 35.5mm, imene pa APS-C imaonetsa ngati 53mm, pafupifupi mmene inkaonetsera pa filimu. Kuwala komweko kukaunjikana pamalo ochepa kumawonjezeka ndi stop imodzi, f/2 n'kukhala f/1.4. Ilipo ya 0.64 ya Micro Four Thirds.

Amene amapindula kwambiri ndi okonda khalidwe la m'mphepete. Helios-44 ya 58mm f/2, imene Soviet Union inatengera ku Biotar ya Carl Zeiss, imatchuka ndi kumbuyo kozungulira ngati kamvuluvulu, koma kuzungulirako kumachitikira m'mphepete. Pa APS-C ndi adaputa wamba, sensa imadula gawo lalikulu la chimene munagulira lenziyo.

Mtengo. Ya Metabones imadula kuposa malenzi akale ambiri, ndipo musanaigule yerekezerani ndi ndalama zimene mungawonjezere kuti mupeze kamera ya full frame yogwiritsidwapo kale ntchito. Lens Turbo ya Zhongyi ndi za Viltrox ndi zotsikirapo. Njira yopulumutsa ndalama ndi kugula imodzi ya mount ya Canon EF, kenako n'kumangirapo timikombero ta M42, OM kapena Nikon F.

Kupezeka. Za EF, Nikon F, M42 ndi FD zimapezeka. Za ma mount osowa n'zovuta. Za Leica M pa APS-C musavutike kufunafuna, mpata wake ndi wochepa moti magalasi alibe pokhala. Pa sensa ya full frame n'zopanda ntchito, makona amada bii.

Kasamalidwe. Isungeni ngati lenzi, ndi zivindikiro mbali zonse, chifukwa nayonso imagwira chuku. Zambiri zimalola kupotokola magalasi a m'kati kuti mukonze fokasi ya kutali. Makina oletsa kugwedera muwauze nambala yofinyidwa, 35 osati 50.

Zoopsa. Galasi la adaputa limakhala pafupi ndi galasi lakumbuyo la lenzi, ndipo malenzi ena amaligunda mukapotokola fokasi kupita kutali. Yesani pang'onopang'ono koyamba. Zotsika mtengo zimafooka m'makona, ndipo zina zakale zimaonetsa kadontho ka buluu pakati pa chithunzi mukatseka aperture moyang'anizana ndi kuwala.

## 5. Adaputa yamagetsi

Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi wa malenzi a filimu amene anali kale ndi autofocus. Malenzi a Canon EF kuyambira 1987 amagwira ntchito yonse pa kamera ya RF kudzera pa adaputa ya Canon yomwe, ndipo apa palibe chodandaula. Malenzi a Minolta AF, oyamba mu 1985, amafuna mota yozungulitsa kasikuluwu ka fokasi. LA-EA5 ya Sony, ya 2020, ili nayo, koma imayendetsa malenzi otere pa makamera ena okha. FTZ ya Nikon ilibe mota imeneyi, choncho malenzi a AF ndi AF-D amasanduka apamanja, ndipo ilibenso kadzino kowerenga mkombero wa AI.

Wachiwiri ndi wopatsa autofocus lenzi imene sinakhalepo nayo. Techart inatulutsa LM-EA7 mu 2016: kamota kamakankha lenzi yonse kutsogolo ndi kumbuyo mamilimita owerengeka, kamera n'kumalamula. Kutsogolo kwake ndi mount ya Leica M, ndipo malenzi ena mumawamangira kudzera pa adaputa yachiwiri.

Mtengo. Wa zoyendetsa malenzi apamanja ndi wokwera, wofanana ndi wa lenzi yatsopano ya autofocus ya mtengo wapakati. Funso lodzifunsa ndi limenelo: kodi si bwino kungogula lenzi yoteroyo?

Kupezeka. Zoyendetsa malenzi apamanja zilipo makamaka za Sony E ndi Nikon Z, ndipo zimadalira kamera yokhala ndi phase detection, njira yofulumira yopezera fokasi, pa sensa.

Kasamalidwe. Pulogalamu ya m'kati imafuna kukonzedwanso nthawi ndi nthawi, makamaka mukasintha kamera. Timapini tamagetsi tizikhala toyera. Batire limatha msanga.

Zoopsa. Kamotako kali ndi malire a kulemera; lenzi yolemera muzinyamula ndi dzanja, kamera ndi imene iziyenda. Mamilimita ochepa aja amakwanira 35mm kapena 50mm, koma pa 135mm muyenera kuyandikitsa kaye fokasi ndi dzanja. Chinthu choyenda chimakutha, n'kuyamba kugwedera. Mumdima chimasakasaka. Ndipo maadaputa awiri omangirizana ndiye kuti zolakwika za muyeso nazonso zawirikiza.

## 6. Kusintha mount ya lenzi

M'malo moika chinthu pakati, mumamasula mount yakale n'kumangapo ina. Leitax imapanga ma mount otere, odziwika kwambiri ndi osinthira Leica R ndi Contax/Yashica kupita ku Nikon F kapena Canon EF, ndipo ambiri mutha kuwabwezera mwakale. Kusintha FD kuti ikhale EF n'kovutirapo. Ojambula kanema amapitirira apo: amachotsa kampira kachitsulo kochititsa aperture kudumpha, amaika mano pa mkombero wa fokasi, ena mpaka kusamutsira magalasi onse m'chigoba chatsopano.

Mtengo. Wapakati ngati muchita nokha, wokwera kwa mmisiri, ndipo mumalipira pa lenzi iliyonse payokha. Chigoba chatsopano cha kanema chimadula kuposa lenziyo kutalitali.

Kupezeka. Kwa malenzi otchuka okha. Amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa.

Kasamalidwe. Ikatha ntchito, palibenso chogwedera. Zitsulo zakale zisungeni m'kathumba kolembedwa dzina la lenzi.

Zoopsa. Malenzi a ku Japan ali ndi tizisikuluwu ta JIS, tooneka ngati ta Phillips koma tosiyana, ndipo sikuludiraiva yolakwika imatiphwanya mitu. Kampira ka aperture ndi kasipuling'i kake kakadumpha, simukapezanso. Kusintha kofuna kupala kapena kudula chitsulo sikubwezereka, ndipo lenzi yosowa imatsika nako mtengo.

## Ndani atenge iti

Ngati muli ndi mirrorless ya full frame, gulani adaputa wamba yolimba pa mount iliyonse ya malenzi anu, ndalama zotsalazo zipite kokatsukitsa lenzi. Ngati mukuyamba kumene ndipo mulibe lenzi ngakhale imodzi, sankhani mount imodzi, M42, Minolta MD kapena Pentax K, muyambe ndi 50mm. Malenzi a kampani imodzi amafanana mitundu ya chithunzi komanso mbali imene fokasi imazungulira, zimene Nikon ndi Pentax amasiyana nazo ndi Canon ndi Minolta.

Wa APS-C kapena Micro Four Thirds amene amajambula nkhope ndi zinthu zakutali akhale ndi adaputa wamba, kudulidwa kwa chithunzi kuli kumbali yake. Wojambula kanema, kapena wofuna kutambalala ndi kamvuluvulu wa Helios, ndi amene focal reducer imamuyenera. Zotambalala zenizeni pa sensa yaing'ono, gulani lenzi yatsopano.

Mwalandira bokosi la ma Nikkor a AI kapena ma Pentax a K ndipo mumakonda kusuzumira pa kalirole? DSLR ya kampani yomweyo, yokhala ndi kadzino ka AI ngati ndi Nikon. Muli ndi Canon DSLR ndipo mwapeza malenzi a FD kapena MD? Musagule adaputa ya galasi. Sinthanitsani malenziwo ndi a M42 kapena OM, kapena asungeni mpaka mudzapeze mirrorless.

Adaputa ya mota ndi ya munthu amene maso ayamba kumuvuta, kapena amene ali ndi malenzi ang'onoang'ono a Leica M ndipo akufuna kujambula ana osakhazikika. Pa ukwati kapena pa masewero, pamene chithunzi chophonya sichibwerezedwa, nyamulani lenzi ya autofocus yeniyeni, yakaleyo ikhale pa kamera yachiwiri. Kusintha mount kusiyireni amene ali ndi malenzi atatu kapena anayi a Leica R kapena Contax oti azigwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku pa kamera imodzi, makamaka ngati pali mota yokoka fokasi imene ingagwedeze adaputa wamba pakati pa kujambula.